Kutsokomola kwa Nachifuwa

Kwathu kumapiri a Apuseni munthu amadziwika ndi kulira kwa galimoto yake nkhope isanaoneke. Nyumba zathu n'zotayana, ina pano ina kuseri kwa chitunda, ndipo msewu umakhotakhota moti pamalo poti khwangwala angauluke mphindi imodzi, galimoto imabuulapo kotala ya ola. Ndiye khutu ndilo limayamba kulandira alendo.

Gavrilă Mihuț anatola mkaka m'makomo a phiri lathu zaka makumi atatu ndi chimodzi, pa pikapu imodzi yomweyo ya dizilo imene tonse tinkaitcha Nachifuwa. Dzinali sitinaipatse mwachipongwe. Pa gulaye wa kumunsi kwa nyumba yake, pamene pali mtanda wamatabwa, Gavrilă ankachotsa giya yachitatu n'kuika yachiwiri, ndipo injiniyo inkatsokomola kawiri, kenako n'kuyamba kubuula mpaka pachipata. Mkazi wake Saveta akamva kutsokomolako ankathira madzi otentha m'beseni, n'kuponya thaulo paphewa, n'kukaima pachipata.

"Wachedwa, Gavrilă," ankatero, ngakhale tsiku limene wafika msanga.

"Phiri lakula usiku, mkazi," ankayankha iye.

Nthabwala yake inali yomweyo, yosasintha ngakhale liwu limodzi, ndipo ife oyandikana nawo inatikwana kalekale. Iwo sinawakwane.

Zaka zitatu zapitazo mutu wa Saveta unayamba kutaya zinthu. Poyamba anaiwala mayina a ng'ombe zake. Kenako anayamba kuika mchere m'khofi, ndipo tsiku lina mwana wawo Dorina, amene amagwira ntchito mumzinda wa Cluj, atabwera kudzawaona, mayi ake anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. M'mawa Saveta ankadzuka n'kumuyang'ana mwamuna wake ngati munthu wodzawerenga mita ya magetsi. "Pepani bambo, mukufuna ndani?" Gavrilă ankamusiya m'manja mwa Rafila, mayi wa nyumba yapafupi, n'kupita kumkaka. Koma masana aliwonse, pofika pachipata, ankamupeza Saveta ataima ndi thaulo lake, maso ali gwa, akumutchula dzina. Kuchokera pamenepo mpaka kukagona anali mkazi wake. Dokotala wa m'tauni ya Câmpeni anati matenda amenewa amakhala ndi maola ake, ena amakhala bwino m'mawa, ena madzulo. Gavrilă anakhulupirira, poti munthu wovala gawuni yoyera sitimutsutsa.

Mu Sepitembala Nachifuwa anathyoka msana. Dzimbiri linali litadya chasisi kwa zaka, ndipo tsiku lina potsika ndi zigubu zodzaza, galimoto inangopindika pakati n'kukhala pansi. Anaikoka ndi thirakitala kupita nayo kwa Avram Goia, makaniko wathu, mkulu wamasiye amene anaimirira pa ubatizo wa Dorina, chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti cumătre.

Avram analowa pansi, n'kutulukako ali ndi dzimbiri m'nsidze.

"Cumătre, pano palibe choti ndiwotcherere. Ndiwotcherere mphepo?"

"Chaka chatha unawotcherera."

"Chaka chatha ndinawotcherera pa zimene ndinawotcherera chaka cham'mbuyo mwake. Chitsulo cha kufakitale chinatha Dorina ali kusekondale. Uitane wansembe, aiike m'manda."

"Manja ako ndiwo akalamba."

"Akalamba, inde. Koma ndi omwewa amene anayamba kuvina ndi Saveta pachisangalalo cha paphiri la Găina iwe uli poteropo ukuwerenga mabatani a malaya."

"Unamuponda phazi, n'chifukwa chake anabwera kwa ine."

Anaseka onse, koma Gavrilă anabwerera kwawo wapansi mtima uli pansi.

Masabata atatu mkaka ankatola munthu wina, Gavrilă ali pakhomo. Masabata atatu amenewo Saveta sanamutchule dzina ngakhale kamodzi. Ankamupatsa ulemu wonse, kumuikira mpando, kumufunsa ngati kwawo kuli mvula. Gavrilă anaganiza kuti wapeza chifukwa chake: munthu amene wakhala pakhomo tsiku lonse sangafike. Kuti mkazi wake amulandire, ayenera kuyamba wachoka. Ndiye anaimbira Dorina foni kuti galimoto ina ikufunika, ndipo ikufunika msanga.

Dorina anamutengera ku Cluj, kumalo ogulitsira magalimoto kumene pansi pake m'powala kuposa mbale za kwathu. Wogulitsa anali mwamuna wa nsapato zosongoka, wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya.

"Bambo Mihuț, pikapu iyi tili nayo mitundu itatu. Thupi n'limodzi, zam'mimba ndizo zosiyana. Iyi ndi ya dizilo basi, ngati yanu yakale ija. Iyi yachiwiri ili ndi injini ya petulo, komanso mota ya magetsi imene ili pakati pa injini ndi giyabokosi. Batire lili pansi pa bodi. Mumatchaja pakhoma ngati foni, n'kuyenda makilomita makumi anayi osawotcha mafuta ngakhale dontho. Batire likatsika, kapena katundu akalemera pachitunda, petulo imadzuka yokha."

"Ndani amaidzutsa?"

"Imadziwa yokha, bambo."

"Nanga yachitatuyo?"

"Imeneyo ndiye yamakono zedi. Ili ndi mota ziwiri, ina kumatayala akutsogolo, ina akumbuyo. Kainjini ka petulo n'kakang'ono, ntchito yake yaikulu n'kupanga magetsi."

Gavrilă anavula chipewa, n'kupatsa Dorina, n'kugona chagada ndi jekete lake la kutchalitchi, n'kulowa pansi pa galimoto yachitatuyo. Dorina anangotseka maso ndi manyazi.

"Shafti ili kuti?" anafunsa ali pansipo.

"Ilibe, bambo. Siifunika."

"Ndiye matayala akutsogolo ndi akumbuyo amamvana bwanji?"

"Kompyuta imawauza."

"Akayambana m'matope ndani adzawayanjanitse? Iweyo ndi nsapato zakozo?"

Anatuluka, n'kulowa pansi pa yachiwiri. Kumeneko anapeza shafti yolumikiza injini ndi matayala akumbuyo, yonenepa bwino, yoti munthu n'kuigwira ndi dzanja. Anafunsa ngati ili ndi giya yotsika ya m'matope, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo anauzidwa kuti ilipo. Anagwedeza mutu, komabe mtima wake unali pa ya dizilo. Dizilo ankaidziwa fungo, ankaidziwa ukali wake m'nyengo yozizira, ndipo pa msinkhu wake sankafuna kuyambanso sukulu.

Apo wogulitsa uja anatsegula kachitseko m'mbali mwa bodi ya galimoto yachiwiri, n'kuonetsa masoketi awiri ngati a m'nyumba.

"Izi ya dizilo ilibe. Magetsi akazima kwanu, mumalumikiza chingwe apa. Mababu, firiji, wailesi, zonse zimayaka. Batire likatha injini imalitchajanso. Mukhoza kukhala masiku angapo nyumba ili ngwee."

Dorina anagwira mkono wa bambo ake. Onse awiri ankaganiza za Januwale watha, pamene chipale chofewa chinagwetsa mawaya a magetsi ndipo phiri lonse linakhala masiku anayi mumdima. Saveta ankaopa zithunzithunzi za kandulo, ankati m'khoma muli amuna, ndipo ankalira mpaka mawu kutha. Gavrilă anayang'ana ya dizilo ija kanthawi, monga mmene munthu amayang'anira ng'ombe imene sagula.

"Tipatse yachiwiriyi," anatero.

"Mwasankha bwino, bambo. Ndipo ikamayenda pa magetsi siimveka n'komwe. Mukafika kunyumba, mayi sadzamva kuti mwabwera."

Wogulitsa anaseka, Dorina anaseka, Gavrilă nayenso anaseka. Mpaka lero ndikakumbukira kusekako ndimapsa mtima, ngakhale sindidziwa woti ndimupsere. Munthu uja ananena zoona zokhazokha, ndipo akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Galimotoyo ndisainamizire, inali yabwino. Tsiku loyamba inakwera njira ya matope ya kwa Rafila ngati ikuyenda pamsewu wa tala, zigubu osagundana. Koma agalu sanauwe, ndipo amayi amene kale ankakhala atatulutsa kale mkaka pamsewu anawapeza ali m'makola, moti pakhomo lililonse anachita kuliza hutala ngati mlendo. Gavrilă anangoti anthu azolowera. Pobwerera anadutsa pa mtanda, galimoto ikungoti sii, n'kufika pachipata. Panalibe munthu. Analowa m'bwalo n'kupeza Saveta atakhala pakhonde ndi Rafila, akusenda nyemba. Saveta atamuona anadzidzimuka mpaka nyemba kutayika.

"Bambo, mwalowa bwanji? Mukufuna ndani?"

M'mawa mwake Gavrilă anavala magalasi n'kuwerenga buku la galimoto. Anapeza kuti ili ndi batani losankhira kayendedwe: magetsi okha, kusakaniza, kusunga batire, kapena kutchaja ukuyenda. Masana amenewo anasankha kutchaja, kuti injini ya petulo ilire njira yonse. Inalira, koma kulira kwake kunali kosalala ngati kwa makina osokera, ndipo magiya ake khumi ankasinthana okha popanda ngakhale kabefu. Pachipata panalibe munthu. Tsiku lachitatu analiza hutala kuchokera pa mtanda, ndipo Saveta anathawira kuchipinda.

Kenako zinthu zinaipiratu. Saveta anayamba kutuluka yekha dzuwa likapendeka, n'kukaima pachipata ndi thaulo lake, kuyang'ana kumunsi. Galimoto yatsopano ikafika ankapatuka mwaulemu kuti idutse, n'kubwerera pamalo ake. Chakudya anayamba kukana. Rafila anayesa supu, anayesa chitumbuwa cha tchizi chimene Saveta ankachikonda kuyambira ali mtsikana, koma yankho linali limodzi: "Ndidya akabwera Gavrilă." Ankangolandira madzi ndi tiyi pang'ono. M'masiku ochepa mphete yake yaukwati inayamba kuzungulira pachala.

Lachinayi Gavrilă anaimika galimoto m'bwalo n'kupita kukaima pambali pake. Mphepo inali yozizira, ndipo anamufunditsa jekete lake. Saveta anathokoza.

"Bambo, mwachokera kumunsi?"

"Inde, mayi."

"Simunamuoneko mwamuna wanga? Amatola mkaka."

"Ndi wooneka bwanji?"

Saveta anaganiza nthawi yaitali, nkhope itakwinyika. Gavrilă anaona kuti akufunafuna nkhope m'mutu mwake ndipo sakuipeza.

"Simungamuphonye," anatero pomaliza. "Galimoto yake imatsokomola kawiri pa mtanda paja. Ndikangomva, ndimadziwa kuti wotsika pachiwongolero ndi iyeyo. Koma masiku ano sindikuimva. Kaya wagwera kuti. Sanayambe wagonako kunja, bambo, ngakhale tsiku limodzi."

Apo Gavrilă anamvetsa. Sanali maola a dokotala aja, sikunali kuchoka ndi kubwera. Nkhope yake mkaziyu anaitaya kalekale, mawu ake anawataya, ndipo chimene chinatsala m'mutu mwake cha zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati chinali chifuwa cha injini yakale. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anachitanso manyazi, poti iye ankayesa kuti mkazi wake amazindikira iyeyo.

Lachisanu m'mamawa, asanapite n'kumkaka komwe, anali kale pagalaja ya Avram. Nachifuwa anali kuseri, m'lunguzi, nkhuku zitayamba kuikira pampando.

"Injini ija ikadali yamoyo?"

"Yamoyo ngati ine. Ukuifuniranji?"

Gavrilă anafotokoza. Avram, amene pakamwa pake sipakhala chete ngakhale pamaliro, anangovula chipewa n'kukanda mutu, kenako n'kupita kukatenga masipanala.

Anagwira ntchito Lachisanu lonse ndi Loweruka m'mawa. Anaizula injiniyo ndi tcheni, n'kuimanga ndi mabawuti pa mitanda iwiri ya mtengo wolimba, n'kuikweza pabodi ya galimoto yatsopano. Radiyeta yake yowola anaimangirira ndi waya, chigubu cha dizilo anachipachika pa kanjanji kuseri kwa kabini, ndipo paipi ya utsi anaibweza ndi bowo lake lomwe lija, poti Gavrilă anati theka la chifuwacho lili m'bowomo. Dirilo ndi chopalira zitsulo analumikiza pa masoketi a galimoto yatsopano.

"Taona," anatero Avram, "mkazi wamng'ono akuphikira mkazi wamkulu."

"Gwira ntchito, cumătre."

Atailiza, inadzuka ndi utsi wakuda mpaka nkhuku kubalalika. Koma pansi pa kulira kwake panali kugogoda kwina, ndipo Avram anaika sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, n'kumvetsera. Anaizimitsa msanga.

"Mabelingi atha. Pamene inkagwa paja oilo anathawa. Ikhoza kulira mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu. Ukafika, uizimitse pompo, ndiye mwina tidzailizanso mawa ndi mkuja. Ukaipitiriza igwirana, ndipo ikagwirana ngakhale wansembe sangaidzutse. Zipangizo za injini iyi zinatha m'dziko muno."

"Ndamva."

Panalinso vuto lina. Pampu ya Nachifuwa inali yotha kuyambira kale, moti injini ikasiyidwa yokha inkazima, inkafuna phazi la Gavrilă nthawi zonse. Tsopano phazi linalibe popondapo, panali kachitsulo ka pa pampu koyenera kukankha ndi dzanja. Avram anayesa. Injini inakuwa, kenako n'kuzima. Anayesanso, n'kuzimanso.

"Ameneyo si Nachifuwa, ndi mbuzi yokola pampanda," anatero Gavrilă. "Choka."

Anaika chala chake chachikulu pa kachitsuloko, n'kutseka maso. Injini inabuula monga imachitira pachitunda. Anabweza chala pang'ono, n'kukankha, n'kubwezanso, ndipo inatsokomola kawiri. Galu wa Avram anatuluka pansi pa benchi akugwedeza mchira.

"Tikokere waya mpaka m'kabini kuti uzikoka uli pachiwongolero," anatero Avram. "Kebulo yake ndikaipeza ku Câmpeni Lolemba."

"Lolemba? Munthu sanadye kuyambira Lamulungu lapitali. Ndi lero. Iwe uyendetsa, ine ndikhala kumbuyo."

Anali amuna awiri anzeru zawo, mmodzi makaniko wa zaka makumi asanu pantchito. Anaganizira za oilo, za tcheni, za utsi, za chilichonse. Mawu amene Saveta ananena pachipata aja, akuti wotsika pachiwongolero, Gavrilă anawamva ndi makutu ake, koma m'mutu mwake munali mutadzaza kutsokomola.

Avram anakhala pampando ngati wakhala pa mazira, chipewa chake chakuda cha ife a kumapiri chikugunda denga.

"Kilatchi ili kuti?"

"Ilibe. Phazi lamanzerelo ulipinde, uliiwale. Ndaika pa magetsi okha kuti petulo isadzuke n'kusokoneza. Uziyenda pang'onopang'ono, ngati uli ndi zigubu zodzaza."

"Galimoto yopanda kilatchi, yopanda mawu. Cumătre, wagula mzukwa."

Ananyamuka dzuwa litapendeka, nthawi yeniyeni imene Gavrilă ankabwerera kumkaka. Pa mlatho wa kumunsi anailiza injini. Galimoto yatsopano inkakwera mwakachetechete, itabereka yakale imene inkabuula pamsana pake, ndipo Gavrilă anagwada pambali pa injiniyo, dzanja lina pa kanjanji, lina pa pampu, utsi ukumupaka kumaso. Agalu a phiri lonse anayamba kuuwa. Mayi wina anatuluka m'khola akuthamanga ndi chigubu, n'kuima pakati pa bwalo atasokonezeka. Pa gulaye wa mtanda Avram anachepetsa liwiro, ndipo Gavrilă anabweza chala kawiri.

Anadzutsa mutu pamwamba pa kabini n'kuyang'ana kumtunda. Saveta sanali pachipata. Kenako chitseko cha nyumba chinatseguka, ndipo anamuona akutsika masitepe, akukonza mpango kumutu ndi dzanja limodzi, thaulo lili paphewa. Anali atathamangira m'nyumba kukathira madzi m'beseni. Ankayenda mofulumira ngati mkazi wa zaka makumi anayi, Rafila akumutsatira m'mbuyo manja ali pakamwa. Gavrilă analira, misozi n'kulemba mizere m'mwaye wa kumaso kwake.

Galimoto inaima pachipata. Avram anatsegula chitseko n'kutsika msanga, kuti azungulire kumbuyo akathandize mnzake kutsika. Sanapite patali. Saveta anali ataima kale patsogolo pake, nkhope yonse ikuwala.

"Wachedwa, Gavrilă."

Avram anauma. Anatembenuza mutu kuyang'ana kubodi, pakamwa pali yasa.

Gavrilă anayamba kuchotsa chala kuti adumphe, afuule kuti ndine pano, mkazi, ndine pano. Injini inatsika mawu, ikufuna kuzima. Pomwepo anaona nkhope ya Saveta ikuyamba kuzilala. Maso ake anachoka pa Avram n'kuyamba kusakasaka kumsewu, ndipo dzanja limene linatambasula thaulo linayamba kugwa. Gavrilă anakankhanso kachitsulo kaja. Injini inadzuka, ndipo nkhope ija inabwerera.

"Wachedwa, ndati," anabwereza Saveta, akumwetulira, akudikira.

Avram ankaidziwa nthabwalayo monga tonsefe, koma mutu wake unali utaima. Gavrilă anaweramira m'mbali mwa bodi n'kunena m'phokoso la injini, momveka kwa mnzake yekha.

"Muyankhe. Uti phiri lakula usiku."

"Cumătre, sindingathe."

"Muyankhe, ndakupempha."

Avram anatembenuka. "Phiri lakula usiku, mkazi," anatero.

Saveta anaseka kuseka kwake kwakale, n'kumumenya ndi thaulo paphewa. Anagwira manja a Avram, akuda ndi girisi, n'kuyamba kuwapukuta chala chimodzichimodzi.

"Taona manjawa. Tiye ukasambe, tidye. Ine njala yandipha, ndimadikira iwe."

Anamukoka kulowa naye m'nyumba. Pakhomo Avram anacheuka n'kupanga chizindikiro chodula pakhosi, kuti zimitsa. Gavrilă anapukusa mutu. Kale injini inkazima pachipata ndipo Saveta ankakhalabe wake mpaka usiku, koma zimenezo zinali kale, asanafooke chonchi, ndipo iye anali ataona ndi maso ake mmene nkhope ija inazilalira. Sanafune kuyesa mbale isanafike patebulo.

Anakhala chogwada, chala pa pampu. Kugogoda kuja kunakula. Radiyeta inayamba kutulutsa nthunzi, ndipo kachitsulo kanatentha mpaka anamva khungu la chala likupsa, koma anangosintha n'kuika chala china. Pawindo la khitchini anaona Rafila akuika mbale. Anaona mutu wa Saveta ukuwerama. Patapita kanthawi Rafila anabwera pawindo, n'kukweza supuni m'mwamba, n'kugwedeza mutu kuti akudya. Apo akanatha kuzimitsa, ndipo mwina akanapulumutsa tsiku lina limodzi. Koma anaganiza za supuni yachiwiri, ndi yachitatu, ndi kuti mbale ija ndi yaikulu.

Nachifuwa analira mphindi makumi awiri ndi zitatu, kuposa zimene makaniko ananena. Kenako anagogoda kolimba kamodzi, bodi yonse n'kugwedezeka, n'kukhala chete. Gavrilă anayesa kupukusa pule ya kutsogolo kwa injini ndi manja onse awiri, koma inali itagwirana ngati mwala.

Anatsika pang'onopang'ono, mawondo atauma, n'kukhala pa chitseko cha bodi. Kunali zii, moti ankamva mabelu a ng'ombe za kutsidya ndi kuthetheka kwa chitsulo chikuzizira. Sanadziwe ngati alowe m'nyumba mwake kapena ayi.

Chitseko chinatseguka. Saveta anatuluka atanyamula mbale ya buledi ndi tchizi ndi kachidutswa ka nyama ya nkhumba, akuyenda mosamala kuti asagwetse. Pakona pa mlomo wake panali supu. Avram anaima pakhomo kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Bambo, akuti mwamuthandiza mwamuna wanga panjira," anatero Saveta. "Mulungu akudalitseni. Idyani, musapite ndi njala."

"Zikomo, mayi."

"Ndinada nkhawa, mukudziwa. Koma wabwera. Amachedwa nthawi zonse ameneyu, koma kubwera amabwera."

Gavrilă analandira mbale ndi dzanja losapsalo. Anamuyang'ana m'maso, pafupi, monga anachitira zaka zonsezo pachipata chomwechi.

"Phiri lakula usiku," anatero.

Saveta anapendeketsa mutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yakuda ndi mwaye, mizere ya misozi, ndevu zoyera. Kenako mkaziyo anaseka, n'kumugwira pamkono mwaulemu.

"Nayenso amatero," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Gavrilă anakhala pomwepo n'kudya buledi yense, chifukwa anali wophika Saveta, ndipo anamupatsa ndi dzanja lake.